Ana akungokopera chitsanzo pabolodi: angayambe bwanji kulemba zawozawo?

Funso: Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi mu Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chia, kuno ku Nkhotakota. M'kalasi muli ana 96. Ndikawapatsa chimangirizo, ambiri amangokopera chitsanzo chomwe ndalemba pabolodi n'kusintha dzina lokha. Ena amalemba mizere itatu basi. Kuchonga makope onsewo kumanditengera sabata yathunthu, ndipo ndikabweza amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope. Ndamva kuti kwina ana amalemberana ndi anzawo a sukulu zina ndipo kalembedwe kawo kamasintha. Ife tilibe makompyuta ngakhale magetsi, ndili ndi foni yanga yokha. Kodi zingatheke kuno? Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, zingatheke ndithu, ndipo kusowa kwa magetsi kusakudetseni nkhawa. Koma tiyambe taona chomwe chikuchititsa anawo kukopera, chifukwa mankhwala ake ali pomwepo.

Mwana akapatsidwa mutu wakuti "Mudzi wathu" amadziwa kuti owerenga ndi inu nokha. Amadziwanso kuti mudziwo mumaudziwa kale, ndipo chomwe mukufuna si kumva za mudziwo koma kuona pomwe walakwitsa. Zikatero, njira yodzitetezera ndi kulemba zochepa, poti mawu akachuluka zolakwikanso zimachuluka, kapena kukopera chitsanzo chanu chomwe akudziwa kuti mulibe cholakwika. Si ulesi umenewo. Mwana yemweyo mukamumva akufotokozera anzake mmene bwato linagudubukira ndi mwera, amalankhula mphindi zisanu osapumira, nkhani ili m'ndondomeko, chiyambi ndi mathero zili pamalo pake. Luso lofotokoza ali nalo. Chomwe akusowa ndi munthu woti amulembere, munthu amene sadziwa zomwe iye akudziwa, amene akawerenga afunse funso ndipo adikire yankho. Ntchito yanu yaikulu ndi kumupezera munthu ameneyo ndi kuonetsetsa kuti mapepala akupita ndi kubwera pa tsiku lake. Zina zonse zimatsatira pamenepo.

Choncho sankhani sukulu yolemberana nayo mosamala. Musatenge yoyandikana nayo ya m'mbali mwa nyanja momwemo, chifukwa ana a kumeneko amadziwa kale usipa, chilimira (ukonde waukulu wogwirira usipa) ndi kondowole, ndiye palibe chowafotokozera. Funani sukulu yomwe moyo wake ndi wosiyana: ya kumtunda ngati cha kwa Mwansambo komwe ana akulira m'minda ya mtedza ndi chimanga, kapena ya ku Dwangwa komwe amaona nzimbe zikuwotchedwa ndi kudulidwa, kapenanso ya kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota komwe nkhani ya njovu ndi ya tsiku ndi tsiku. Kusiyanako ndiko kumabala mafunso enieni. Kalasi ikhale yofanana, Sitandade 7 kwa Sitandade 7, ndipo chiwerengero cha ana chisatalikirane kwambiri.

Koma kunena zoona, mukusankha mphunzitsi osati sukulu. Ntchito zotere zimafa kawirikawiri chifukwa mbali imodzi yatumiza kawiri, inayo yangoti zii. Ana akadikira yankho masabata anayi osabwera, simudzawakopanso. Pezani mnzanu amene mukumudziwa kuti akalonjeza amachita, wina amene munali naye ku koleji kapena amene mumakumana naye pa maphunziro a aphunzitsi. Mugwirizane masiku enieni otumizira a teremu yonse, muwalembe, aliyense akhome papepala mu ofesi mwa ahedi. Ahedi a mbali zonse adziwe, a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) a zoni yanu adziwenso, ndipo makolo muwauze pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) musanayambe. Kholo likangomva kuti mwana wake wamkazi akulemberana makalata ndi anyamata a kwina, lisanauzidwe kanthu, ntchito yathera pomwepo.

Tsopano ana 96 aja. Agaweni m'magulu 12 a ana asanu ndi atatu, kusakaniza odziwa ndi ovutika, anyamata ndi atsikana. Gulu lililonse lidzipatse dzina, ndipo magulu asasinthe teremu yonse. Ntchito iziyenda pa masabata awiriawiri. Pa ulendo uliwonse ana onse amalemba m'makope mwawo, koma opita ku sukulu inayo ndi mapepala awiri okha pa gulu, ndiye kuti mapepala 24. Mwa njira imeneyi pakatha maulendo anayi, omwe ndi masabata asanu ndi atatu, mwana aliyense watulukapo kamodzi. Lembani mndandanda wa yemwe atuluke liti ndipo muutsate. Mukalola gulu kuti lizisankha lokha "yabwino koposa", adzatuluka ana awiri omwewo mpaka chaka kutha, ndipo amene mumafuna kuwathandiza adzabwerera kukhala owonerera. Inu mumawerenga mofatsa mapepala 24 pa masabata awiri m'malo mwa makope 96 pa sabata. Makope enawo awerengedwa ndi anzawo pagulu, inu mumangodutsa n'kusayina kuti ntchito yachitika.

Masabata awiriwo amafuna maphunziro anayi, ndipo atengeni pa nthawi ya kulemba yomwe ili kale pa ndandanda wa maphunziro. Musaike ntchitoyi masana akaweruka. Ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amapita ku madrasa, ena kukathandiza kuyanika nsomba kapena kutunga madzi, ndipo otsala adzakhala ochepa omwe kwawo kuli kale mpata.

Phunziro loyamba ndi la pakamwa. Gulu likambirane mutu kwa mphindi khumi, aliyense anene chomwe akudziwa, kenako alembe mafunso awiri kapena atatu oti akafunse akuluakulu kunyumba. Nenani momveka kuti akafunse pakhomo dzuwa likadalipo, osati kupita ku doko usiku ati kukafufuza nkhani. Phunziro lachiwiri ndi lolemba: mphindi makumi awiri, chete, aliyense payekha, pabolodi popanda chitsanzo. Azidumpha mzere umodzi kuti padzapezeke poonjezera, ndipo akalakwitsa azingodula ndi kamzere kamodzi osang'amba tsamba. Auzeni poyera kuti lero simuyang'ana kalembedwe ka mawu. Ambiri sakhulupirira ulendo woyamba, koma akaona kuti simunatulutse bolopeni yofiira, ulendo wachiwiri manja amamasuka. Phunziro lachitatu aliyense awerengere mnzake mokweza zomwe walemba, mnzakeyo afunse pomwe sanamve, wolembayo aonjezere m'mizere yodumphidwa ija. Kuwerenga mokweza kumagwira zolakwika zambiri zomwe maso amadumpha: mawu osowa, chiganizo chopanda mathero, chinthu chonenedwa kawiri. Panthawi yomweyo inu mukhale ndi awiri otuluka a gulu lililonse, pang'onopang'ono, kenako akopere bwino papepala loyera. Phunziro lachinayi ndi lowerenga ndi kuyankha mapepala omwe abwera.

Za mitu tichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene aphunzitsi ambiri amabwezera ana m'khola momwe amafuna kuwatulutsamo. "Ubwino wa maphunziro", "Kuipa kwa kudula mitengo", "Tsiku lomwe sindidzaiwala": mitu imeneyi ana ali nayo kale mayankho oloweza, ndipo mudzalandira mapepala 24 onena chinthu chimodzi. Mutu wabwino ndi womwe mwana wanu ndiye katswiri wake ndipo mwana wa kumtunda sadziwa. Mmene amakonzera kondowole kuyambira kukumba chinangwa, kusenda, kuviika m'madzi mpaka chifewe, kuyanika ndi kusinja. Mmene usipa umayanikidwira pa thandala, ndi chomwe chimachitika mvula ikagwa usanaume. Kusiyana kwa chambo, utaka, kampango ndi mlamba kwa munthu amene amangoona nsomba youma pamsika. Zomwe zimachitika pa mlatho wa Chia minibasi ikaima. Kufesa mpunga pa nazale ndi kuwokera. Chifukwa chake asodzi amaopa mwera m'miyezi yozizira. Anzawo a kumtunda angafotokoze kukumba ndi kuthothola mtedza, a ku Dwangwa ntchito ya m'minda ya nzimbe, a kufupi ndi nkhalango mmene moyo unasinthira chibwerere njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mbiri nayo ilipo: mkuyu wa pa boma womwe umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ana ambiri amangoudutsa, koma agogo awo ali ndi zonena za nthawi ya malonda a akapolo zomwe anamva kwa makolo awo.

Mutu uchepe. "Usodzi" ndi waukulu kwambiri, mwana amangoyandama pamwamba. "Ntchito ya siginala", msodzi wokopa usipa ndi nyale, ndi wokwanira tsamba limodzi.

Taonani chomwe funso la mlendo limachita. Tinene kuti mwana walemba motere: "Usipa ndi nsomba yabwino. Anthu ambiri amaukonda. Umapezeka m'nyanja ya Malawi. Umathandiza anthu kupeza ndalama." Palibe cholakwika m'ziganizo zinayizi, ndipo pochonga mwina mukanapereka theka la malikisi. Koma mnzake wa kumtunda akuyankha kuti: "Ndamva kuti usipa amaugwira usiku. Nanga amauona bwanji mdima uli bii?" Mwana uja tsopano ali ndi ntchito, ndipo akubweza motere: "Amalume anga amanyamuka dzuwa litalowa. Siginala amatsogola pa kabwato kokhala ndi nyale zowala kwambiri. Usipa ukaona kuwalako umasonkhana pansi pa kabwatoko, ndiye alovi amauzinga ndi chilimira n'kukoka. Mwezi ukawala kwambiri sapita, chifukwa usipa sulabadira nyale." Mundime yachiwiriyi muli ndondomeko ya zochitika, muli "ndiye" ndi "chifukwa" zolumikiza maganizo, muli mawu enieni a ntchitoyo. Zonsezi ndi zomwe timavutika kuphunzitsa pabolodi, koma pano zabwera chifukwa wina anafunadi kudziwa. Ndime ziwiri zotere zikapezeka m'kalasi mwanu, zilembeni pabolodi moyandikana, mwini wake atalola, ana anene okha kusiyana kwake.

Ndiye chifukwa chake kuyankha kuyenera kuphunzitsidwa mwapadera, musanatumize kanthu. Mukangowasiya, ana onse amalemba zomwe amaona kwa aphunzitsi: "Walemba bwino, upitirize", ena mpaka kupereka malikisi. Yankho lotere silithandiza wolemba. Agwiritseni zinthu zitatu. Choyamba, atchule chinthu chimodzi chenicheni chomwe aphunzira m'nkhanimo, kuti mwini wake adziwe kuti yawerengedwadi. Chachiwiri, funso limodzi lomwe yankho lake si "inde" kapena "ayi". Chachitatu, anene mmene zilili kwawo, zofanana kapena zosiyana. Mizere inayi mpaka isanu ndi umodzi yakwana, patheka la pepala. Yeserani kalasi yonse pamodzi ndi nkhani imodzi pabolodi kawiri kapena katatu, kulemba mayankho abwino ndi opanda pake moyandikana. Mugwirizanenso ndi mnzanu uja kuti ana a sukulu ina sakonza kalembedwe ka mawu ka anzawo. Mwana wa kwina akangozunguliza mawu olakwika papepala la mwana wanu, ubale umasanduka mpikisano wa sukulu, ndipo ovutika amasiya kulemba.

Pepala lililonse liyankhidwe, makamaka losalembedwa bwino. Mapepala 24 akafika, perekani awiri ku gulu lililonse, ndipo lililonse lilandire mayankho osachepera awiri. Werengani musanatseke emvulopu. Mwana amene pepala lake labwerera lopanda yankho pomwe anzake akusekerera ndi awo amapwetekeka kuposa amene wapatsidwa ziro.

Nanga zolakwika? Sitikunena kuti muzisiye. Tikuti muzigwire chimodzichimodzi. Ulendo uno kalasi yonse iyang'ane mpumiro ndi lembo lalikulu poyamba chiganizo, basi. Ulendo wotsatira kugawa ndime. Wina h wosowa, amene amasandutsa "mphaka" kukhala "mpaka" ndi "nkhani" kukhala "nkani". Wina l ndi r, potsata lamulo loti r amatsatira i kapena e monga mu "kulira" ndi "kulera", pomwe kwina timalemba l. Winanso mitengero pa mawu olankhulidwa. Pochonga musalembe mawu olondola pamwamba. Ikani kadontho m'mphepete mwa mzere momwe muli cholakwikacho, mwana achipeze yekha kapena ndi mnzake. Akachipeza yekha sachibwereza msanga. Zolakwika zina zomwe si za ulendo uno zisiyeni m'kope, koma papepala lotuluka muthandizeni kuzikonza kuti asachite manyazi kwa alendo. Chenjerani pano, aphunzitsi: kukonza kusafike poti nkhani isanduke yanu. Mukasintha ziganizo zake kuti zimveke zauchikulire, ana a mbali inayo amazindikira, ndipo mwini wake amadziwa kuti choyamikidwacho si chake.

Kafupikitsidwe ka mawu ka pa foni, monga "nde" m'malo mwa "ndiye", mudzakaona ndithu. Musakalipe, ingofotokozani kuti papepala lopita kwa munthu wosamudziwa timalemba mawu athunthu. Mawu a Chiyao kapena Chitonga, omwe ana ena kuno amalankhula kunyumba, ndi nkhani ina. Ngati ndi dzina la chida, nsomba kapena chakudya, lisiyeni, mwanayo aonjezere chiganizo chofotokoza chinthucho. Kumeneko ndi kuphunzira kuganizira wowerenga, komwe ndi cholinga chathu chomwe.

Yambani m'Chichewa, ngakhale nkhawa yanu yaikulu itakhala Chingerezi. Mwana sangalimbane ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, kusanja maganizo ndi kusaka mawu a chilankhulo chomwe sachilankhula kunyumba. Maulendo atatu oyamba akhale a Chichewa. Kenako lowetsani Chingerezi pa ntchito zazifupi: yankho la mizere inayi, kapena kufotokozanso mwachidule nkhani yomwe analemba kale m'Chichewa, mutawapatsa pabolodi mawu khumi ofunika pa mutuwo. Chomwe waphunzira cha kusanja ndime ndi kufotokoza mwandondomeko amapita nacho ku Chingerezi.

M'kalasi ya ana 96 simulephera kukhala angapo amene afika Sitandade 7 asakutha kulemba chiganizo chathunthu. Awa asachotsedwe pa mndandanda. Afotokoze pakamwa, mnzake alembe ndendende zomwe wanena, kenako mwini wake akopere ndi dzanja lake n'kuwerenga mokweza mpaka athe. Ena ajambule chithunzi cha thandala kapena chilimira n'kulemba maina a zigawo zake ndi ziganizo zitatu pansi. Mapepala a zithunzi otere nthawi zambiri ndiwo amakopa mafunso ochuluka. Mwana wovutika kuona amuwerengere mnzake mayankho ake, ndipo olemba kwa iye alembe malembo akuluakulu.

Zipangizo n'zochepa. Ulendo umodzi umadya mapepala 24 a nkhani ndi ena 24 odulidwa pakati a mayankho 48, onse pamodzi 48. Pa maulendo asanu a teremu imodzi ndi mapepala 240, ndiye limu imodzi ya mapepala 500 imakwana materemu awiri. Kapempheni kwa ahedi ndi komiti ya sukulu kuti ilowe pa ndalama zotukulira sukulu za SIG. Ikasowa, masamba apakati a kope amagwira ntchito yomweyo. Papepala lotuluka alembe ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu, mbali imodzi yokha, kusiya mpata wa zala ziwiri m'mphepete monse. Pensulo imafufutika m'njira ndipo sioneka pa chithunzi cha foni. Pakona lembani nambala ya gulu ndi ya ulendo, kuti yankho lidziwe kobwerera.

Mayendedwe ake: emvulopu yaikulu kapena makatoni awiri omangidwa ndi chingwe, zonse m'jumbo chifukwa cha mvula ndi thukuta la wonyamula. Ngati sukulu zonse zili kufupi ndi msewu wa M5, kondakitala wa minibasi kapena wa kabaza wodziwika amafikitsa tsiku lomwelo, bola mnzanuyo mwamuimbira kuti akadikire pa siteji. Ngati ili kutali ndi msewu, gwiritsani ntchito maulendo omwe alipo kale: mphunzitsi wopita ku boma, kapena msonkhano wa ku TDC, komwe aphunzitsi a m'zoni amakumana. Pepala lenileni limaposa chithunzi, chifukwa mwana amagwira m'manja chomwe mnzake analemba, amaona dzanja lake, ndipo likhoza kuzungulira gulu lonse.

Foni yanu ikhale yopulumutsira pamene msewu wavuta, monga m'dzinja mitsinje ikadzaza. Jambulani pepala lililonse panja pamthunzi, litagona pansi, foni ili molunjika pamwamba pake; padzuwa pepala limanyezimira, m'kalasi mumachita mdima. Tumizani chithunzi chimodzi kaye pa WhatsApp, mnzanuyo anene ngati chikuwerengeka, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi ndipo malembo ang'onoang'ono amafufutika. Zikavuta tumizani ngati document, ngakhale imadya bandulo yochulukirapo. Vuto lenileni lili kolandira: foni imodzi singazungulire ana 96, ndipo musaipereke m'manja mwa ana. Njira ndi kusindikiza pa malo ochitira fotokope mukapita pa tauni, kapena kusankha nkhani zisanu ndi imodzi n'kuwerengera kalasi mokweza, zotsalazo zidikire mapepala enieni. Zithunzizo zipite pakati pa aphunzitsi awiri okha, osati pa gulu la aphunzitsi a zoni yonse, ndipo musaziike pa Facebook.

Mapepala obwera akayankhidwa, apachikeni kuti kalasi yonse iwerenge, pamodzi ndi mayankho omwe ana anu alandira. Chingwe chokokedwa m'mbali mwa khoma ndi zopanira zovala, kapena tinsungwi tong'ambidwa pakati, ndi njira yabwino koposa. Phala la ufa wa kondowole limamata bwino ndipo aphunzitsi ambiri amalidalira pa TALULAR (kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka m'dera), koma limaitana mphemvu ndi chiswe, ndipo pepala lomatidwa silichoka osang'ambika. Pachikani pa msinkhu wa maso a ana, mkati mwa kalasi osati pakhonde pomwe mwera ndi mbuzi zimafika. Ngati kalasi ilibe chitseko kapena mumaphunzirira pansi pa mtengo, sokererani mapepalawo pa mphasa yoti izipindidwa n'kukasungidwa mu ofesi poweruka. Sinthani masabata awiri aliwonse. Pepala likakhala mwezi ana saliwonanso. Ochotsedwawo asokeni pamodzi ndi ulusi, chikuto cha katoni, likhale buku la kalasi lowerenga pa nthawi yopuma.

Pali mbali ina yomwe sitifuna muipeputse, ya chitetezo cha ana. Papepala palembedwe dzina loyamba ndi dzina la gulu basi: popanda dzina la bambo, mudzi weniweni, nambala ya foni kapena chithunzi cha mwana. Chilichonse chotuluka ndi cholowa chidutse m'maso mwa mphunzitsi, ndipo sanjani mapepalawo nokha, chifukwa pa msinkhu uwu tikalata ta chibwenzi timalowetsedwa pakati. Kulemberana kukhale kwa gulu ndi gulu, osati mwana mmodzi kukhala ndi mnzake wokhazikika. Musapereke mitu yokakamiza ana kuulula za kudambwe, kuchinamwali kapena kujando. Makolo adzakwiya ndipo adzakhala ndi chifukwa. Mitu yoyerekeza zipembedzo kapena zipani isiyeninso. Ndipo konzekani: ana akayamba kukhulupirira kuti wina akuwerengadi, ena amalemba zomwe sananenepo kwa munthu, za kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kukakamizidwa banja. Pepala lotero lisapachikidwe ndipo lisatumizidwe. Lankhulani ndi mwanayo pambali, modekha, osamulonjeza kuti simuuza aliyense, kenako dziwitsani ahedi tsiku lomwelo kuti nkhani ifike kwa amayi a mother group, wa zoteteza ana wa m'dera lanu kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116, ilembeni pakhoma.

Kunyozana nako kumabwera, kawirikawiri pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu atazolowerana: a kumtunda kuseka a kunyanja za fungo la nsomba, a kunyanja kuseka anzawo kuti sadziwa kusambira. Yankho lotero lichotseni lisanatuluke, wolembayo alembenso, ndipo kambiranani ndi kalasi popanda kutchula dzina. Kukopera m'buku la sukulu mudzakuzindikira ndi Chichewa chosalala mopitirira msinkhu. Funsani mwanayo mafunso awiri pa zomwe walemba, ndipo ngati sakuyankha mpatseni mutu wa pakhomo pake, womwe m'buku mulibe. Kujomba ndi vuto lina: usipa ukachuluka ku doko kapena nthawi yowokera ndi kukolola mpunga, amene ndi nthawi yake yotuluka akhoza kusowa. Musadikire ndipo musachedwetse emvulopu. Lowetsani wotsatira pa mndandanda, wojombayo atuluke ulendo winawo, ndipo mutumize uthenga kwawo kuti anzake a kwina akudikira nkhani yake. Kwa ana ena uthenga umenewu umawabweza kusukulu msanga kuposa chilango.

Mnzanu uja akachedwa, musasiye kalasi ili manja lende. Sinthanitsani mapepala ndi Sitandade 6 kapena 8 ya pa sukulu panu pomwepo ulendo umenewo. Akachedwa kawiri motsatizana popanda chifukwa chomveka, yambani kufunafuna wina.

Ahedi kapena makolo akhoza kufunsa ngati izi sizikudya nthawi yokonzekera mayeso a Sitandade 8. Chimangirizo ndi kalata ndi zomwe MANEB imafunsa, ndipo mwana amene walemba ndi kukonza nkhani khumi ndi zisanu pa chaka amalowa m'chipinda cha mayeso dzanja litazolowera. Komabe kalembedwe ka mayeso kali ndi malamulo ake: keyala, tsiku, malonje, mutu wa kalata ya ntchito, chiwerengero cha mawu, nthawi yoikika. Choncho kamodzi pa teremu ulendo wonse ukhale wa kalata yotsata malamulo onsewo, ndipo kamodzinso alembe chimangirizo pa nthawi yoyezedwa, chomwe muchonge ndi malikisi monga mwa nthawi zonse. Mapepala olemberana okhawo musawapatse malikisi. Mukangoyamba, ana abwerera ku mizere itatu yopanda cholakwika ija.

Kuti mudziwe ngati zikuthandiza, musanayambe uzani ana onse alembe kwa mphindi makumi awiri pa mutu umodzi, musunge mapepalawo osachonga. Kumapeto kwa teremu alembenso kwa mphindi zomwezo pa mutu wofanana kulemera kwake. Tengani ana khumi ndi awiri, anayi odziwa, anayi apakati, anayi ovutika, muike mapepala awo awiriawiri. Werengani chiwerengero cha ziganizo zathunthu, onani ngati pali ndime, ngati pali zinthu zenizeni zotchulidwa maina m'malo mwa "zabwino" ndi "zambiri", ndiponso ngati munthu wa kwina angamve. Yembekezani kuti poyamba utali udzakula msanga ndipo zolakwika zidzaoneka ngati zachuluka, poti akulemba zambiri ndi kuyesa mawu omwe kale ankawathawa. Kalembedwe ka mawu kamatsatira m'teremu yachiwiri. Ngati odziwa okha ndiwo asintha, bwererani ku mndandanda wa otuluka ndi ku phunziro lachitatu lija, chifukwa nthawi zambiri zimatanthauza kuti m'magulu wina akulembera anzake. Mapepala awiriawiriwo ndiwonso mukaonetse komiti ya sukulu popempha limu ya teremu yachitatu.